Mlonda wa pageti ya selo, ndi mankhwala amene amamunamiza

Pa shelefu ya famase iliyonse ya m'tauni pali mankhwala awiri amene sayenera kukumana m'thupi la munthu mmodzi. Oyamba ndi salbutamol, kabotolo kabuluu kopopera m'kamwa kamene odwala mphumu sakasiya kunyumba. Enawo ndi propranolol, timapiritsi timene madokotala akhala akulembera odwala mtima ndi a BP kwa zaka 60 tsopano. Wodwala mphumu akamwa propranolol, chifuwa chikhoza kubanika mpaka moyo kukhala pachiswe, ndipo akathamangira kabotolo kake nthawi imeneyo, mpumulo umene anauzolowera sufika msanga. N'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wafunsa kuti, "Kodi mumabanika nthawi zina?" asanagwire cholembera.

Awiriwa sapha kachilombo kalikonse, ndipo salowa m'kati mwa selo kukakonza chowonongeka. Onse amakathera pa timapuloteni ta banja limodzi timene timakhala pakhungu la selo, timene asayansi amatitcha ma receptor. Salbutamol amakatidzutsa, propranolol amakatitchinga.

Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni, ndipo onsewa amayenera kumvana. Galu akakuthamangitsani, tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso timathira adrenaline m'magazi. Pakangopita masekondi ochepa mtima wayamba kugunda mwamphamvu, njira za mpweya zatseguka, chiwindi chatulutsa shuga. Komatu adrenaline ameneyu amachita zonsezi osalowa m'selo, chifukwa khungu la selo ndi lamafuta ndipo iye sangalibowole. Amafika ngati mlendo pa nyumba ya mpanda: amaima panja n'kunena uthenga wake kwa mlonda wa pageti, ndipo mlondayo ndiye amatembenuka kukauza a m'nyumba kuti ayambepo ntchito. Receptor ndiye mlondayo. Mbali yake ina ili kunja kwa selo, ina ili m'kati. Homoni ikamukhudza kunjako, puloteni yonseyo imapindika pang'ono, ndipo kupindikako kumamveka m'kati. Wopanga mankhwala ali ndi njira ziwiri. Atha kutumiza mlendo wabodza wofanana ndi weniweniyo, kapena kutumiza wina woti angoima pageti n'kutchinga kuti uthenga weniweni usafike.

Banja lalikulu kwambiri la ma receptor limatchedwa GPCR. Munthu ali nawo a mitundu pafupifupi 800, ndipo pafupifupi theka la amenewa ntchito yawo ndi kununkhiza basi. Mu 2017 ofufuza a ku Copenhagen ndi Uppsala anawerenga mankhwala onse ovomerezedwa ku America n'kupeza kuti 475, amene ndi 34 pa 100 alionse, amagwira ntchito kudzera m'banja limeneli, ndipo onsewo amagogoda pa ma receptor 108 okha. Piritoni amene mumamwa thupi likamayabwa ali m'gulu limeneli. Morphine wamadzi amene amapatsa odwala khansa kuti ululu uchepe alinso momwemo.

Chinthu chimene palibe anali atachiona

Kwa zaka zambiri receptor anali wongoganiziridwa. Mu 1905, John Langley wa ku Cambridge anabaya nkhuku nicotine, chikonga cha mufodya chija, n'kuona kuti mnofu wa mwendo ukukungika ngakhale mtsempha wopita kumeneko atadulidwa kale n'kufa. Atawonjeza curare, ululu umene anthu a ku South America ankapaka pa mivi, kukungikako kunaleka. Langley anati pamnofu penipenipo payenera kukhala chinthu cholandira mankhwala awiriwo, chimene akuchilimbirana. Ambiri sanamumvere.

Mu 1948, Raymond Ahlquist wa ku Medical College of Georgia anayesa mankhwala asanu ndi amodzi ofanana ndi adrenaline pa ziwalo zosiyanasiyana za nyama. Anaona kuti amphamvu kwambiri pofinya mitsempha ya magazi sindiwo amphamvu kwambiri pothamangitsa mtima. Ndiye kuti olandira uthenga alipo a mitundu iwiri, ndipo anawatcha alpha ndi beta. Magazini yoyamba imene anaitumizira nkhaniyi inaikana, ndipo itasindikizidwa kwina inakhala zaka pafupifupi 10 popanda oilabadira kwenikweni. Choseketsa n'chakuti Ahlquist mwiniwake, mpaka mu 1973, ankalembabe kuti kwa iye ma receptor ndi ganizo chabe lothandiza kufotokoza zimene ankaona m'labotale.

Amene analitenga ganizoli n'kulisandutsa piritsi anali James Black, dokotala wa ku Scotland. Vuto limene linkamusowetsa mtendere ndi ululu wa pamtima umene umagwira munthu amene mitsempha yodyetsa mtima wake yachepa. Anzake onse ankafunafuna njira yokulitsira mitsemphayo kuti magazi azifika ambiri. Black anaitembenuza nkhani: bwanji osachepetsa njala ya mtimawo? Munthu akakwera chitunda kapena akapsa mtima, adrenaline amaukwapula mtima kuti uthamange, ndipo m'pamene ululu umayamba. Mukatchinga receptor wa beta, mtima umayenda mwachifatse, ndipo magazi ochepa omwewo amaukwanira.

Mu 1958 analowa kampani ya ICI. Iye ndi akatswiri opanga mankhwala ankatenga kamolekyu kofanana ndi adrenaline n'kumakasintha pang'onopang'ono, kuchotsa apa, kuwonjeza apo, kufuna kuti kazimatirira pa receptor koma osamudzutsa. Oyamba kuoneka bwino, pronethalol, anapezeka kuti akuyambitsa zotupa mu mbewa. Otsatira ake anali propranolol, amene anatuluka mu 1964.

Black sanakhalitse. Chaka chomwecho anapita ku Smith Kline & French kukachita zomwezo ndi histamine. Mankhwala otchinga histamine a mtundu wa piritoni analipo kale, koma sankaletsa histamine kulamula mimba kutulutsa asidi, ndiye Black anati payenera kukhala receptor wachiwiri. Zaka zinayi zinatha, mamolekyu pafupifupi 200 atayesedwa popanda chooneka, ndipo mabwana a ku Philadelphia anatsala pang'ono kutseka ntchitoyo. Mu 1972 gululo linatsimikiza kuti receptor wa H2 alikodi, ndipo mu 1976 cimetidine anayamba kugulitsidwa ndi dzina la Tagamet. Anthu amene akadang'ambidwa mimba chifukwa cha zilonda anayamba kungomwa mapiritsi, ndipo mankhwalawa anakhala oyamba kubweretsa ndalama zoposa madola 1 biliyoni pachaka. Black analandira mphotho ya Nobel mu 1988.

Pali chimodzi choyenera kuchinena apa. Cimetidine ankapoletsa chilonda, koma munthu akasiya kumwa, nthawi zambiri chinkabweranso. M'zaka za m'ma 1980, Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anaonetsa kuti gwero la zilonda zambiri ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, ndipo kuchiza kwenikweni n'kumupha. Kutchinga uthenga kumathandiza zedi, koma sikufunsa kuti uthengawo wachokera kuti.

Receptor mmodzi, ziwalo zambiri

Vuto lalikulu la ntchito imeneyi linaonekera msanga, ndipo silinathe mpaka lero. Thupi siliika receptor pamalo amodzi. Beta ali pamtima, ali m'mapapo, ali mu impso, m'chiwindi ndi m'chiberekero, ndipo piritsi likasungunuka limapita konseko.

M'zaka za m'ma 1960, imfa za odwala mphumu, makamaka achinyamata, zinakwera mwadzidzidzi ku Britain, Australia ndi New Zealand. Ofufuza analoza chala mankhwala opopera amphamvu kwambiri a isoprenaline, amene ankatsegula chifuwa koma n'kumakwapulanso mtima. Mu 1967 Alonzo Lands ndi anzake anaonetsa kuti beta naye ali pawiri: beta-1 wochuluka pamtima, beta-2 wochuluka m'njira za mpweya. Gulu la David Jack ku Allen & Hanburys linali litapanga kale kamolekyu kokonda beta-2, ndipo mu 1969 kanatuluka ndi dzina la Ventolin. Ndiye salbutamol uja. Mbali inayo, ICI inafunafuna mankhwala otchinga beta-1 yekha kuti mapapo asiyidwe. Oyamba, practolol, anachotsedwa pamsika mu 1975 atawononga maso ndi khungu la odwala ena. Mu 1976 kunabwera atenolol.

Kusankhaku sikukhala kwathunthu. Wopopera salbutamol kangapo motsatizana amadziwa mmene manja amanjenjemerera ndi mmene mtima umadumphira, ndipo atenolol naye madokotala amamupereka mosamala kwa wodwala mphumu.

Nthawi zina kuphonyako kumakhala kwakukulu. Aliyense amadziwa kuti chamba chimapatsa njala. Kampani ya Sanofi inapanga rimonabant, wotchinga receptor wa CB1 amene chamba chimadzutsa, n'cholinga chochepetsa kunenepa. Anthu anatsikadi thupi, ndipo mankhwalawa anavomerezedwa ku Europe mu 2006. Mu 2008 anachotsedwa, chifukwa receptor yemweyo amathandizanso kuti munthu azikhala wosangalala, ndipo ena mwa omwa anagwa m'matenda a nkhawa mpaka kuganiza zodzipha.

Zonse za Black zinachitika asanaone chimene ankachilasa. Kuchiona kunatenga zaka zina 40. Robert Lefkowitz anayamba mu 1968 kumata ayodini wotulutsa cheza pa mahomoni kuti aone pamene akukamatirira. Mu 1986 gulu lake ku Duke University, mmene munali dokotala wachinyamata Brian Kobilka, linapeza jini ya beta-2 mogwirizana ndi ofufuza a kampani ya Merck. Anadabwa kuona kuti puloteniyo imalowa ndi kutuluka pakhungu la selo kasanu ndi kawiri, chimodzimodzi ndi rhodopsin, puloteni ya m'diso imene imamva kuwala. Apa m'pamene zinadziwika kuti diso ndi mtima zimamvera uthenga m'njira imodzi. Kobilka anapita ku Stanford n'kulimbana ndi puloteni imeneyi zaka pafupifupi 20, chifukwa ikangochotsedwa m'mafuta ake imawonongeka. Mu 2007 anajambula maonekedwe ake, ndipo mu 2011 anamujambula receptor ali m'kati mopereka uthenga, mankhwala omudzutsa ali kunja, puloteni ya G, yolandira uthengawo m'selo, itamugwira m'kati. Kuti asagwedezeke pojambula, anamugwiritsa ndi tizidutswa ta chitetezo cha m'magazi a llama, nyama ya ku mapiri a Andes. Awiriwa analandira Nobel mu 2012. Masiku ano wofufuza amatha kuona pakompyuta kabowo kamene mankhwala akalowe, n'kuyesa mamolekyu mamiliyoni asanasakanize chilichonse. Ntchito yafulumira poyambira. Koma chithunzi sichinena zimene chiwindi cha munthu chidzachite, ndipo pa mankhwala 10 amene amafika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amagwera panjira.

Khomo limene HIV imalowera

Kwa ife kuno, nkhani ya ma receptor imene imatikhudza kwambiri ndi ya CCR5. Ntchito yake yeniyeni ndi kulandira uthenga woitanira maselo oyera a magazi pamalo pamene pavulala kapena patupa. HIV inamupezerapo mwayi. Kachilomboka kamayamba kagwira CD4, dzina limene aliyense womwa ma ARV amalidziwa, koma sikangalowe popanda kugwiranso wachiwiri, CCR5 kapena CXCR4.

Zimenezi zinadziwika mu 1996, ndipo chaka chomwecho kunatulukanso china. Panali anthu ochepa amene anakumana ndi kachilomboka kambirimbiri koma osakatenga. Jini yawo ya CCR5 inapezeka kuti ndi yoperewera zilembo 32, ndipo amene anatengera kuperewerako kwa bambo ndi mayi omwe alibiretu receptor ameneyu pamaselo awo. Anthu otere ndi pafupifupi 1 pa 100 alionse kumpoto kwa Europe. Mu Africa muno, mmene mliriwu unasautsa kwambiri, ndi osowa kwambiri.

Makampani anaona mwayi. Ma ARV ena onse a nthawiyo ankalimbana ndi mapuloteni a kachilombo, amene amasinthasintha. Apa panali puloteni ya munthu, ndipo anthu opanda iyo ankaoneka athanzi. Makampani atatu anathamangira. Aplaviroc wa GlaxoSmithKline anaimitsidwa mu 2005 atawononga chiwindi cha odwala ena. Vicriviroc wa Schering-Plough anasiyidwa mu 2010 atalephera pa mayeso akuluakulu. Ku Sandwich, ku England, akatswiri a Pfizer anapanga mamolekyu pafupifupi 1,000, kwinaku akuzemba vuto loti ena ankasokoneza kagundidwe ka mtima, mpaka anapeza maraviroc, amene anavomerezedwa mu 2007.

Sayansi yake inali yosiririka, koma m'zipatala zathu simumupeza. Maraviroc amathandiza pokhapokha ngati kachilombo ka munthuyo kamadalira CCR5 yekha, ndiye pamafunika kuyeza magazi mwapadera, kodula, asanayambe. Amamwedwa kawiri patsiku, ndipo mtengo wake sunatsike mokwanira. Chaka chomwecho cha 2007 kunatulukanso raltegravir, woyamba wa gulu lina la ma ARV, ndipo m'bale wake dolutegravir, wa mu 2013, ndiye anadzatenga malo. Mgwirizano wa mu 2017 unatsitsa mtengo wa piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir kufika pafupifupi madola 75 pa munthu pachaka, ndipo Malawi anayamba kusamutsira odwala ake pa piritsi limeneli mu 2019. Kulasa bwino receptor ndi nkhani ina, kufika pa windo la famase ya chipatala cha boma ndi nkhani inanso.

CCR5 anatchukanso m'njira ina. Mu 2007, ku Berlin, dokotala Gero Hütter ankachiza Timothy Ray Brown, amene anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi. Pofuna womupatsa maselo a m'mafupa, anasankha dala munthu wopanda CCR5. Brown anasiya ma ARV ndipo kachilomboka sikanabwerenso mpaka pamene anamwalira ndi khansa mu 2020. Ena ochepa achira motere pambuyo pake, koma chithandizo chimenechi n'choopsa moti chimaperekedwa kwa okhawo amene khansa ikanawapha. Mu 2018 He Jiankui wa ku Shenzhen analengeza kuti wasintha jini ya CCR5 mwa ana amapasa asanabadwe. Asayansi padziko lonse anamudzudzula, ndipo khoti la ku China linamulamula kukakhala kundende zaka zitatu. Kusowa CCR5 nakonso sikwaulere: anthu otere amadwala kwambiri akagwidwa ndi kachilombo ka West Nile.

Matupi a ndani?

Ife nafe tili ndi khomo lathu lotseka. Pamaselo ofiira a magazi pamakhala receptor wotchedwa Duffy, wachibale wa CCR5, ndipo tizilombo ta malungo a mtundu wa vivax timalowera pamenepo. Louis Miller anaonetsa zimenezi mu 1976. Anthu ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa alibe Duffy pamaselo ofiira, ndipo n'chifukwa chachikulu chimene vivax, amene amavutitsa ku Asia ndi South America, ali wosowa m'madera ambiri a kuno. Malungo athu ambiri ndi a falciparum. Koma anthu opanda Duffy amakhalanso ndi maselo oyera a mtundu wa neutrophil ochepa poyeza, ngakhale ali bwinobwino. Popeza miyezo ya m'malabotale inatengedwa pa azungu, ku America ndi ku Britain anthu akuda athanzi lawo akhala akuuzidwa kuti magazi awo ali ndi vuto, ena kukanizidwa kulowa m'kafukufuku wa mankhwala a khansa, ena kuchedwetsedwa chithandizo.

Ndi BP nkhani yake ndi yofananako. Njira imodzi imene propranolol ndi atenolol amatsitsira BP ndi kutchinga beta-1 wa mu impso, amene amalamula kutulutsa renin. Anthu ambiri ochokera ku Africa amene ali ndi BP amakhala kale ndi renin wochepa, ndiye kutchingako sikuphula zambiri. Si onse, koma ndi ambiri ndithu, moti malangizo a madokotala ku Britain amati munthu wakuda ayambe ndi mankhwala a gulu la amlodipine. Komabe umboni wambiri unali wochokera kwa anthu akuda a ku America. Kafukufuku wamkulu woyerekeza mankhwala a BP ophatikiza pa anthu a mu Africa mwenimweni anatuluka mu 2019. Anatsogolera ndi Dike Ojji wa ku Abuja, pa odwala 728 m'mayiko asanu ndi limodzi kuphatikizapo Mozambique, ndipo anapeza kuti kuphatikiza kokhala ndi amlodipine ndiko kumatsitsa bwino. Kunena zoona, n'zochititsa manyazi kuti funso losavuta chonchi linadikira mpaka 2019.

Pa anthu onse amene majini awo afufuzidwa m'kafukufuku wamkulu, pafupifupi 8 pa 10 alionse ndi ochokera ku Europe, ndipo ochokera ku Africa sapitirira 3 pa 100, chonsecho majini a anthu a mu Africa ndiwo osiyanasiyana kuposa a kwina kulikonse. Kelly Chibale, wobadwira ku Zambia, amene anakhazikitsa malo ofufuzira mankhwala a H3D pa University of Cape Town mu 2010, wakhala akunena kuti mlingo wa mankhwala woyezedwa pa matupi a kwina suyenera kungotengedwa ngati woyenera kuno.

Nthawi zinanso funso lofunika silikhala la receptor watsopano ayi. Mwana akangobadwa, mzamba amabaya mayi jakisoni wa oxytocin kuti chiberekero chikungike, magazi asatayike. Receptor wake amadziwika bwino ndipo mankhwalawo amagwira ntchito, koma amafooka akakhala potentha, ndiye amafuna firiji kuchokera kufakitale mpaka kuchipinda chochirira. Kumene magetsi amathimathima, mzamba atha kubaya jakisoni amene mphamvu yake inatha kale, iye osadziwa. Kampani ya Ferring inakonza carbetocin, wodzutsa receptor yemweyo, kuti azipirira kutentha kwa madigiri 30 kwa zaka zitatu. Bungwe la WHO linamuyesa pa amayi pafupifupi 30,000 m'mayiko 10, kuphatikizapo Kenya, Uganda, Nigeria ndi South Africa, ndipo zotsatira za mu 2018 zinaonetsa kuti amateteza kutaya magazi mofanana ndi oxytocin. Mu 2019 analowa pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika, ndipo Ferring inalonjeza kumugulitsa motchipa kuzipatala za boma m'mayiko osauka. Koma carbetocin ndi wobaya mwana atabadwa kale. Mayi amene matenda ake akuchedwa, wofunika kumuthandiza kuti chiberekero chiyambe kukankha, amafunikabe oxytocin, ndipo oxytocin amafunabe firiji.